Chitseko cha galasi cha kukhonde: kodi matabwa okonza tokha angachiteteze kwa namondwe?

Mayi a ku Port Charlotte

Moni nonse, makamaka akuluakulu amene mwakhalitsa kuno ku Florida. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo poti safunsa anadya phula, ndati ndiitule pano nyengo ya anamondwe isanayambe pa 1 Juni. Chaka chathachi tinagula nyumba ya mabuloko kuno ku Port Charlotte, yomangidwa kale ndithu. Amene anatigulitsa anatisiyira malata otsekera mawindo onse, ali mulu m'galaja, koma chitseko chachikulu cha galasi chotulukira kukhonde la kuseri, chija chokankhira m'mbali chimene eni dziko amati sliding door, chilibe chotchinga chilichonse. M'lifupi mwake ndi mafiti 8, ndipo kutalika kwake ndi mafiti 6 ndi mainchesi 8. Ndinaitana kampani ina kuti idzayeze, koma mtengo umene anatchula unandiumitsa thupi, komanso anati ngakhale titalipira lero, ntchitoyo sangaigwire mwezi uno kapena wamawa. Bambo a kunyumba kuno amayendetsa thiraki ya maulendo ataliatali, choncho namondwe akhoza kudzatipeza tili awiri, ine ndi mnyamata wanga wa zaka 15. Kodi pulayiwudi wodula tokha angachiteteze chitseko chotere, kapena ndikudzinamiza? Ndipo ngati angachiteteze, amamangidwa motani kuti mayi ndi mwana athe kumukweza popanda kuitana anthu?

Wophunzira wa ku Orlando

Mayi, ine ndine mwana pagulu lino ndipo ndimakhala nyumba ya lendi, koma pamene namondwe Milton ankabwera mu Okutobala 2024 ndinaona anthu oyandikana nafe akumata tepi pa magalasi mopingasa, ndipo ena anandiuza kuti ndi bwino kutsegulako windo limodzi kuti mphepo izidutsa, nyumba isaphulike. Ifenso tinachita zomwezo ndipo galasi lathu silinasweke. Mwina mukhoza kuyamba ndi zimenezi, popeza sizifuna ndalama zambiri.

Bambo kalipentala a ku Fort Myers

Mwana wanga wa ku Orlando, galasi lanu linapulumuka chifukwa chakuti palibe chimene chinaliwomba, osati chifukwa cha tepi. Tepi siiletsa nthambi kapena tayilosi ya padenga kulowa m'nyumba, ndipo a National Hurricane Center, ofesi ya boma yoona za anamondwe, akhala akuletsa anthu mchitidwe umenewu kwa zaka zambiri. Chimene mumapindula ndi ntchito yokanda ulimbo wa tepiyo dzuwa likaupsereza pagalasi. Za windo lotsegula ndiwasiyire a injiniya, adzafotokoza bwino kuposa ine.

Tsopano kwa inu mayi. Simukudzinamiza ayi, pulayiwudi amathandiza, koma ndikupempheni mumve bwino pamene pagona nkhani. Pamene namondwe Ian anatera ku Cayo Costa pa 28 Seputembala 2022, ine ndinayenda mumsewu wathu m'mawa mwake, ndipo mapulayiwudi amene ndinawaona atagona pakapinga ndi m'ngalande sanali obooka kapena othyoka. Anali amphumphu. Chimene chinagonja ndi zomangira zake. Bambo ena oyandikana nafe anakhomera awo ndi misomali, ena anamanga masikuluwu pa felemu ya aluminiyamu ya chitseko chenichenicho, ndipo mphepo inangowazula ngati munthu akuchotsa chivundikiro pamphika. Thabwa likazuka chotero limasanduka chida chokaswera magalasi a mnzako.

Mugule pulayiwudi wa panja, uja olemba CDX, wochindikala mainchesi 5/8, amene ndi pafupifupi mamilimita 16. Musanyengedwe ndi kutchipa kwa OSB, ija yopangidwa ndi tizibenthu ta matabwa tomatidwa pamodzi, chifukwa ikanyowa imafufuma m'mphepete, ndipo m'mphepetemo ndi mmene mumagwira masikuluwu. Thabwalo lisamangidwe pa felemu ya chitseko, koma lipitirire khomo ndi mainchesi 4 m'mbali monse muwiri ndi pamwamba kuti ligwire khoma lenileni la buloko.

Apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwira ali kale pakhomo ndi katundu wawo. Pulayiwudi amagulitsidwa wa mafiti 4 m'lifupi ndi mafiti 8 m'litali, ndiye munthu amawerenga kuti awiri akwanira khomo la mafiti 8. Sakwanira. Mukaonjezera mainchesi 4 uku ndi 4 uko, mukufunika mainchesi 104, pamene awiriwo akupatsani 96 okha. Mugule atatu, ndipo muwadule kuti aliyense akhale wa mainchesi 35 kapena kucheperako pang'ono m'lifupi, ndi mainchesi 84 m'litali. Kuipa kwa masamu amenewa kukusandukirani mwayi, chifukwa pulayiwudi wamphumphu amalemera makilogalamu oposa 20, pamene chidutswa chotere chimakhala cha makilogalamu 15 kapena apo, chimene inu ndi mnyamatayo munganyamule osathyoka msana.

Injiniya wa ku Tampa

Zikomo bambo pondisiyirako gawo. Ndiyambe ndi windo lotsegula lija, chifukwa chikhulupiriro chimenechi ndi choopsa kuposa cha tepi. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa denga imalikokera m'mwamba, monga mmene imanyamulira phiko la ndege. Nyumba ikakhala yotseka, denga limalimbana ndi mphamvu imodzi yokhayo. Koma pakatseguka malo kumbali imene mphepo ikuchokera, mpweya umadzaza m'nyumba ndi kuyamba kukankha siling'i kuchokera m'kati, ndiye denga limakhala likukokedwa kunja, likukankhidwanso m'kati nthawi imodzi. Chitseko cha galasi cha kukhonde kawirikawiri ndicho khomo lalikulu pa nyumba kupatula la galaja, choncho mayi mukamachiteteza, chimene mukuteteza kwenikweni ndi denga lanu, galasilo ndi nkhani yaing'ono.

Ndikupatseni masamu kuti muone chifukwa chimene bambowa akuumirira za zomangira. Mphamvu imene mphepo imakankhira khoma imakula kanayi liwiro lake likawirikiza kawiri. Pa liwiro la makilomita 200 pa ola, limene lili m'gulu lachitatu la muyeso wa mphamvu ya anamondwe wa Saffir-Simpson, mphepo imatsamira sikweya mita iliyonse ndi kulemera kofika pafupifupi makilogalamu 190. Chitseko chanu ndi cha masikweya mita pafupifupi 5, ndiye mukukamba za makilogalamu oposa 900, ngati kuti mwasanjika matumba a simenti 18 pagalasi. Ian potera anali ndi mphepo ya makilomita 240 pa ola. Ndiponso mphamvuyi siibwera mbali imodzi: diso la namondwe likadutsa mphepo imatembenuka, ndipo khoma limene linkakankhidwa limayamba kuyamwidwa. Msomali umapirira kukankhidwa, koma sugwira pokokedwa, makamaka ukamagwedezedwa kwa maola ambiri.

Mbiri ya malamulo athu imachokera kwa namondwe Andrew, amene anasakaza Homestead pa 24 Ogasiti 1992. Pambuyo pake boma la Miami-Dade linakhazikitsa mayeso akuti chotchinga chilichonse chogulitsidwa chiwombedwe ndi thabwa la 2x4 (la mainchesi pafupifupi 2 kuchindikala ndi 4 m'lifupi) lolemera mapaundi 9, amene ndi makilogalamu 4, louluka mafiti 50 pa sekondi, kenaka chikankhidwe ndi kukokedwa ndi mpweya kambirimbiri. Malamulo a zomangamanga otchedwa Florida Building Code anayamba kugwira ntchito mu Florida monse mu 2002. Malamulowa amalola matabwa ngati amenewa pa nyumba zosatalika kwambiri, malinga akhale osachepera mainchesi 7/16 kuchindikala, akhale odulidwiratu ndi obooledwiratu, ndipo zomangira zake zikhale zosachita dzimbiri komanso zokhazikika pakhoma. Ku Miami-Dade ndi ku Broward malamulo ndi okhwima kwambiri, ndipo kumeneko amafuna zotchinga zoyesedwa. Inu muli ku Charlotte County, koma ndibwino muimbire ofesi yoona zomangamanga kwanuko musanaboole khoma, ndipo ngati dera lanu lili ndi bungwe la eni nyumba, muwafunsenso. Chimene mukonze panokha sichinadutse pa mayeso aja, ndiye muzichiona ngati chokuolotsani mpaka mudzapeze ndalama za chotchinga choyesedwa.

Wophunzira wa ku Orlando

Ndamva, ndipo ndikupepesa pofuna kuwasocheretsa mayiwa. Ndiwafotokozeranso anzanga amene ndimakhala nawo, chifukwa windo lija tinalitsegula ndi mtima wonse.

Mayi a ku Port Charlotte

Musadandaule achimwene, mukanapanda kunena inu, enafe tikanachita zomwezo mwakachetechete. Bambo a ku Fort Myers, ndatuluka ndi tepi yoyezera ndipo ndapeza mavuto awiri. Loyamba ndi lakuti pamwamba ndi m'mbali muli khoma loti thabwa ligwire, koma pansi palibe, chifukwa njanji ya chitsekoyo yakhala pa simenti ya pakhonde penipeni. Lachiwiri ndi lakuti zidutswa zikakhala zitatu, chapakaticho sichikhudza khoma la kumanja kapena la kumanzere. Nanga chimenecho chigwira chiyani? Galasi lalowa m'kati mainchesi 3 okha kuchokera pankhope ya khoma, ndipo chogwirira chitseko chatulukirako pang'ono.

Bambo kalipentala a ku Fort Myers

Mwayeza ngati mmisiri, mayi, ndipo mafunso anu ndi omwewo amene amasiyanitsa chitseko ndi windo. Zidutswa zanu ziimirire, ndipo mphamvu yake ichokere pamwamba ndi pansi, osati m'mbali. Pulayiwudi amalimba kutsata m'litali mwake, mmene mwalowera mitsempha ya thabwa la pamwamba, choncho mukamadula musamugoneke chopingasa pofuna kupulumutsa zotsalira.

Pamwamba pa khomo pali mtanda wa konkire umene wanyamula khoma, ndipo umenewo ndi malo abwino koposa omangapo. Pansi mugoneke thabwa la 2x4, lija lonyikidwa m'mankhwala oletsa chiswe ndi kuola, kuchokera mbali ina ya khomo kufika inayo, ndipo mulimange pa simenti ya khonde ndi mabawuti olowa m'zisa zachitsulo zimene mwaziika mu simentiyo. Zisa zimenezi zimakhala zofanana ndi pansi, ndiye nyengo ikatha mumachotsa thabwalo, n'kutsekapo ndi bawuti wa mutu wafulati kuti munthu asapunthwe ndiponso mchenga usadzazemo. Mapazi a zidutswa zitatu zija adzamangidwa pa thabwa limenelo.

Pamene zidutswa ziwiri zakumana, muimike 2x4 wina kunja kwake kuchokera pansi kufika pamwamba, wophimba mzere wokumaniranawo, ndipo zidutswa zonse ziwiri zimangidwe pa iye. Ndikanakonda mumuimike cham'mbali, mbali yopyapyala itatsamira pulayiwudi, chifukwa thabwa loima chotero limakana kupindika kuposa logona chafulati. Kulimbitsa kumeneku musakuone ngati kukongoletsa. Mwanena kuti galasi lili mainchesi 3 okha kuseri kwa thabwa, ndipo pulayiwudi wa mafiti 7 wopanda nthiti amapindika ngati uta chinthu chikamuwomba pakati, mpaka kukaswa galasi limene amati aliteteze. Chogwirira chitseko chija muchichotse pa tsikulo, chimangogwidwa ndi masikuluwu awiri, kapena mungodula kabowo pa thabwa moyang'anizana nacho.

Mabowo a zomangira atalikirane mainchesi 12 kuzungulira konse, ndipo asayandikire m'mphepete mwa thabwa kapena mwa buloko, chifukwa buloko imabenthuka ukaboola pafupi ndi ngodya. Pansi pa mutu wa bawuti aliyense muike washala wamkulu kuti mutuwo usaboole thabwa pokokedwa.

Ndikuuzeninso kupusa kwanga kuti inu musakubwereze. Pamene Irma ankabwera mu Seputembala 2017, ine ndinali wodzitama kuti matabwa anga ndinadula kale. Koma ndinali nditawatsamiritsa pakhoma la galaja, mapazi ali pa simenti yonyowa, kwa zaka zingapo, ndipo sindinalembe kuti ili ndi la pati. Tsikulo ndinapeza atapindika ngati chipande, m'munsi mwake mutada ndi nkhungu, ndipo ndinataya maola atatu ndikutembenuza thabwa lililonse kufuna kuti mabowo agwirizane ndi a pakhoma, thukuta lili kamukamu, mayi a kunyumba atanyamula tochi osanena kanthu, kumene kunali kowawa kuposa akanandikalipira. Kuchokera pamenepo ndimapaka penti mbali zonse ndi m'mphepete momwe, ndimalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti kumanja, pakati, kumanzere, ndi muvi wosonyeza kumwamba, ndipo ndimawasunga chogona pa timatabwa kuti asakhudze pansi. Mabawuti, mawashala ndi sipanala yake zimakhala m'chitini chimodzi chomangirira pomwepo.

Bambo a ku Beira

Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi ngakhale ndili kutali ndi inu. Kwathu ndi ku Angónia koma ndimagwira ntchito kuno ku Beira, ndipo ndinali konkuno usiku wa pa 14 Malichi 2019 pamene Idai anatera. Ndikufuna kuchitira umboni mawu a injiniya akuti galasi silisweka ndi mphepo yokha. Kuno chimene chinkauluka ndi malata. Lata likazuka padenga la mnzako limabwera chozungulira, likulira ngati macheka, ndipo palibe galasi limene lingaime pamaso pake. Nyumba imene ndinkakhala inali ndi chitseko chonga chanucho chotulukira pakhonde la m'mwamba, ndipo tinkadalira zitsulo zotchingira akuba zimene zinali kunja kwake. Zitsulozo zinaimitsadi lata, koma zibenthu za matayilosi ndi timiyala zinadutsa m'mipata, galasi linayoyoka lonse kukhala timibulu ngati mchere wa miyala, ndipo tinachezera m'bafa madzi akuyenda m'nyumba monse.

Phunziro limene ndinatolapo, limene sindinalione likutchulidwa pano, ndi lakuti zambiri zimene zimaswa chitseko cha kukhonde zimachokera pakhonde pomwepo. Miphika ya maluwa, mipando, mbaula yowotchera nyama, njinga ya mwana, zonsezi ziyenera kulowa m'nyumba thabwa lomaliza lisanamangidwe, chifukwa mukatseka khomo lalikululo mudzavutika kuzilowetsa pa khomo laling'ono.

Injiniya wa ku Tampa

Bambo a ku Beira anena zoona, ndipo ku Houston zinaonekanso chimodzimodzi mu 1983, pamene Alicia anatola timiyala ta pamadenga a nyumba zitalizitali n'kuswa nato magalasi ambirimbiri pakati pa mzinda. Pa kamangidwe kamene bambo a ku Fort Myers afotokoza ndilibe chotsutsa, koma ndikufuna tigwirizane pa zomangira za m'mbali ndi pamwamba, popeza iwo atchula zisa zachitsulo za pansi pokha. Ndikudziwa kuti amisiri ambiri kuno amakonda masikuluwu abuluu a konkire, aja a Tapcon, chifukwa amalowa msanga. Vuto lake ndi lakuti sikuluwu yotere imadzidulira yokha mazinga mu konkire, ndiye mukaimasula ndi kuimanganso pa bowo lomwelo chaka ndi chaka, bowolo limakula ndipo kugwira kwake kumachepa. Kwa mayi amene adzakweza matabwawa ndi mwana, ine ndikanasankha zomangira zokhazikika zosachita dzimbiri, zimene zimatsala pakhoma mutu wa mazinga uli kunja, kuti pa tsikulo ntchito ikhale yongokoleka thabwa ndi kupotokola manati a mapiko ndi dzanja. Kumeneko ndi kufupi ndi nyanja yamchere, ndipo chitsulo wamba chimadyeka msanga.

Bambo kalipentala a ku Fort Myers

A injiniya, pamenepo mwandigwira, chifukwa ine ndine mmodzi wa okonda masikuluwu abuluuwo, ndipo ndikanenabe kuti munthu amene namondwe wamudzidzimutsa, ali ndi tsiku limodzi lokha, amugwirira ntchito bwino lomwe ngati waboola bowo latsopano ndi kupemerera fumbi lonse. Koma mayiwa ali ndi nthawi, ndiye atsate mawu anu. Ndingoonjezera kuti chomangiracho chidutse pulasitala n'kukaluma buloko yeniyeni. Pulasitala wa kunja amaoneka wolimba koma ndi chikopa chabe, ndipo amene nyumba zawo ndi za matabwa m'kati ayenera kufufuza pamene pali nsanamira za khoma n'kulowetsamo bawuti mainchesi osachepera 2.

Namwino wa ku Houston

Amisiri mwalankhula za kutseka, ine ndilankhuleko za kutuluka, chifukwa kuchipatala timalandira anthu amene matabwa awo anagwira bwino kwambiri. Mayi, musanakhome chilichonse mukhale pansi ndi mnyamata wanuyo, mugwirizane kuti moto utabuka usiku, magetsi atazima, mudzatulukira pati. Chitseko cha kukhondecho ndicho khomo lachiwiri la nyumba zambiri kuno, ndipo mukachimanga kuchokera kunja ndi manati makumi angapo, simungachitsegule muli m'kati. Pakhale makomo ena awiri oti mungawatsegule muli m'kati, ndipo ngati limodzi ndi la galaja, mwanayo adziwe chingwe chofiira chomasulira chitseko chake magetsi kulibe. Nyumba yotsekedwa ndi matabwa imachita mdima wa ndiweyani ngakhale masana, ndipo mdimawo ndi umene umachititsa anthu kuyatsa makandulo. Mugule matochi.

Namondwe akadutsa, matabwawo atsike msanga, musawasiye mpaka Novembala poganiza kuti wina akubwera. Beryl atadutsa kuno mu Julayi 2024 anthu anakhala masiku ambiri opanda magetsi kukutentha koopsa, ndipo zipatala zinalandira anthu ambiri okomoka ndi utsi wa majenereta, uja wosaoneka ndi wosanunkha. Khonde la kuseri limakopa munthu kuikapo jenereta chifukwa pali denga ndipo akuba saliona, koma ndi malo oipitsitsa, pakuti utsiwo umalowera m'mipata ya chitseko chomwecho m'nyumba imene mpweya sukuyenda. Jenereta ikhale mafiti 20 kutali ndi nyumba.

Chinanso ndi nthawi yokwezera. Chenjezo loyamba limaperekedwa kutatsala maola 48 kuti mphepo yamphamvu ifike, ndipo lachiwiri kutatsala maola 36. Mukweze pa loyambalo. Thabwa lalikulu m'manja mwa munthu mphepo itayamba limasanduka thanga la ngalawa, ndipo ndasokapo mabala a anthu amene anagwa nalo pamakwerero.

Mlongo wawo wa mayi a ku Port Charlotte, ku Blantyre

Achemwali, ine zanu za mainchesi sindikuzitsata bwino, koma funso langa ndi la madzi. Kuno Freddy mu Malichi 2023 anatipweteka ndi mvula ndi matope otsika m'phiri la Soche kuposa mphepo, ndipo kunyumba kwanga, ngakhale tili pamalo okwera, madzi ankalowera pansi pa chitseko cha aluminiyamu chonga chanucho mpaka tinatopa ndi kufinya matawulo. Kodi matabwa amenewa aletsanso madzi?

Injiniya wa ku Tampa

Achimwene, amachepetsa mvula yowombedwa ndi mphepo koma saletsa madzi. Njanji ya chitseko chotere ili ngati kangalande, ndipo ili ndi timabowo kunja kwake totulutsira madzi. Timabowo timeneti tikatsekeka ndi mchenga, tizilombo takufa kapena penti, madzi amadzaza n'kusefukira m'kati, choncho muzititokosa ndi kawaya ndi kuthirapo madzi kuti muone ngati akutuluka. Mayi, thabwa lanu la pansi lija musalimate ndi chilichonse, ndipo mulisiyire timipata kuti lisasandutse khomo lanu damu. Koma madzi a m'nyanja okankhidwa ndi namondwe ndi nkhani ina. Ku Fort Myers Beach nthawi ya Ian anakwera kupitirira mamita 3, ndipo Port Charlotte ili m'mphepete mwa Charlotte Harbor, yodzaza ndi ngalande zolumikizana ndi nyanja. Mufufuze kuti nyumba yanu ili m'chigawo chiti cha kasamutsidwe ka anthu, ndipo akalengeza kuti chigawo chanu chichoke, mumange matabwawo, mutseke nyumba, munyamuke. Mufunsenso za pulogalamu ya boma ya My Safe Florida Home, imene imayendera nyumba kwaulere ndipo yakhala ikuthandiza eni nyumba oyenerera ndi ndalama zofika madola 10,000 zolimbitsira makomo, mawindo ndi madenga. Ndalama zake zimatha msanga zikatulutsidwa, koma kulembetsa sikulipiritsa.

Mayi a ku Port Charlotte

Ndabweranso patatha milungu iwiri kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Bambo a kunyumba anapezeka Loweruka ndi Lamlungu, ndiye tinagula mapulayiwudi atatu, tinawadulitsa konko kusitolo, ndipo penti tinapaka kawiri. Kuboola mtanda wa konkire wa pamwamba kunatitengera theka la tsiku mpaka tinakabwereka dirilo yogogoda kwa a neba, amene anatiuza kuti Charley atadutsa ku Punta Gorda mu Ogasiti 2004 iwo anataya chitseko chonga chomwechi pamodzi ndi siling'i ya pabalaza. Dzulo madzulo, bambo atapita, tinayesa awiriwiri ndi mnyamata wanga monga mmene zidzakhalire. Ulendo woyamba unatitengera ola limodzi ndi mphindi 20, chifukwa tinayamba ndi zidutswa za m'mbali ndipo chapakati chinakana kulowa, chinatsala ndi kampata kochepa ngati chikhadabo. Titamasula n'kuyamba ndi chapakati, osalimbitsa manati mpaka zonse zitakhala m'malo, tinatha m'mphindi 40. Mwanayo walemba ndondomekoyo ndi penti kuseri kwa thabwa lapakati. Tinalowa m'nyumba kukaona, ndipo amayi a ku Houston munanena zoona, pabalaza panada ngati m'phanga dzuwa lisanalowe.

Chatsala ndi chinthu chimodzi. Kumbali ya kumanzere, chomangira chachitatu kuchokera pansi chikungozungulira ndikamalimbitsa nati, ndipo pamene tinkaboola pamenepo dirilo inangolowa mofulumira ngati yagwera m'dzenje. Zina zonse zagwira nganganga. Kodi chimodzi chokhacho ndingachisiye?

Bambo kalipentala a ku Fort Myers

Musachisiye, mayi, chifukwa katundu amene chikanasenza adzagwera ziwiri zoyandikana nacho, ndipo thabwa limayamba kugwedera pamalo oterowo. Dirilo inalowa mofulumira chifukwa munaboola pamphako ya buloko. Mabuloko athu ali ndi mphako ziwiri m'kati, ndipo m'nyumba zakale si zonse za m'mbali mwa khomo zimene anazithira konkire. Muchotse chomangiracho, mutseke bowolo ndi simenti kuti madzi asalowe m'khoma, kenaka mugogode khoma pang'onopang'ono ndi hamala kukwera ndi kutsika: pamphako pamalira ngati ng'oma, pamene polimba pamalira mogontha. Mabuloko ndi a mainchesi 8 msinkhu, ndiye mukasuntha mainchesi angapo mudzapeza pamene pagwira, ndipo muboolenso thabwa moyang'anizana napo. Mukaona kuti mzere wonsewo ndi wamphako, mugule chomangira chopangidwira buloko yamphako, chija chokhala ndi kasefa kothiramo guluu wa epoxy, ndipo muchisiye chiume maola amene alembedwa pa paketi musanachikoke. Zinazo zimene mukuti zagwira muziyesenso chimodzichimodzi, thabwa litachotsedwa, pomangapo nati ndi washala ndi kukoka ndi mphamvu zanu zonse. Mukatero mundijambulire mbali ya kumanzereyo ndione mtunda umene mwasiya kuchokera pangodya ya khoma.